Vaneti ya ba Fackson yoimba mluzu

Aliyense amene anagulapo geti lachitsulo kapena bedi m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Kalingalinga m'zaka zapitazi ayenera kuti anakumanapo ndi ba Fackson Miti. Ndi aja aatali, akuda bii, amene amakhala pa benchi pafupi ndi amisiri owotcherera zitsulo, chipewa chili pabondo, kudikira munthu wofuna kunyamulidwa katundu. Masiku ano sachedwa kupsa mtima. Kale sanali otero.

Anabadwira ku Katete. Anabwera ku Lusaka ali ndi zaka makumi awiri, nafikira kwa amalume awo ku Mtendere, ndipo ntchito yawo yoyamba inali yosenza matumba a simenti pa sitolo ina ya zomangira. Dalaivala wa pa sitoloyo anali munthu wokonda kudya mosafulumira, choncho anawaphunzitsa chiwongolero kuti azimusunthira galimoto iye ali pa chakudya. Atapeza laisensi anayendetsa galimoto za anthu ena zaka zisanu ndi zinayi. Pakati pa zaka zimenezi anakwatira ba Justina, amene ankagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pa msika wa Mtendere. M'chaka cha 2009, awiriwa ataphatikiza zimene anasunga, anagula vaneti yawoyawo kwa mlimi wina wa ku Chisamba.

Inali yokalamba kale pamene ankaigula. Utoto wake unali woyera mwa dzina lokha, chitseko cha kumanzere chinkatsekedwa ndi waya, koma inali ndi injini yaikulu ya dizilo, ya malita atatu, yolira ngati chigayo. Kuthamanga sinkadziwa. Maminibasi ankaidutsa makondakitala akuikuwiza. Koma ukaisenzetsa geti, mafelemu a zitseko ndi matumba khumi a simenti, inkangotsika pang'ono kumbuyo n'kunyamuka ngati palibe chachitika. Dizilo aliyense inkamwa, wa pa filing'i kapena wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Ikadwala, ba Fackson ankapita nayo ku Garden kwa ba Ngosa, makanika wa pansi pa mtengo wa mango, amene ankagunditsa sikuludiraiva pa injini, khutu kumapeto kwake, n'kunena vuto asanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Inali nthawi imene anthu ankamanga kwambiri ku Chalala ndi ku Ibex, kumene misewu inali isanaikidwe phula. Mvula ikagwa, oyendetsa ena ankakana kupita kumeneko. Ba Fackson ankapita. Amisiri a ku Kalingalinga anazolowera kuuza makasitomala kuti, “Yembekezani ba Miti, beve bafika paliponse.” Vaneti imeneyo inaphunzitsa ana atatu, inamanga zipinda zina ziwiri pa nyumba ya ku Mtendere, ndipo inanyamula maliro a anthu ambiri a mumpingo mwawo popanda kulipiritsa kanthu.

Chimene chinaigonjetsa ndi dzimbiri. Matope a zaka zonsezo anadya chitsulo cha pansi, chimene amati shasi. Ba Ngosa anachiwotcherera kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu anatuluka pansi pa galimoto akupukusa mutu.

“Ba Miti, injini iyi izakuperekezani imwe kumanda, ikali na mphamvu. Koma thupi yasila. Nawotcha pa chigamba, manje nawotcha chigamba pa chigamba. Yambani kusakila ina.”

Ba Fackson sanatsutse. Analowa chilimba, chosonkherana ndalama mosinthana, ndi anzawo a pa benchi, anasiya mowa wa Loweruka, ndipo patatha chaka ndi theka anavala malaya a kutchalitchi n'kupita ku bwalo lina logulitsira galimoto zakale pa msewu wa ku Kafue. Wogulitsa anali mwamuna wonenepa, wa mawu okoma, dzina lake Dixon. Panali vaneti imodzi ya injini yaikulu ngati yawo, koma yatsopanoko. Mtengo wake unaposa zimene anali nazo pang'ono chabe. Anabwerera kunyumba mtima uli m'malo, akuti miyezi isanu ndi umodzi ikwanira.

Atapitanso, vaneti ija inali itapita, ndipo ina yofanana nayo inali pa mtengo woti ba Fackson anaganiza kuti sanamve bwino.

“Mwati zingati?”

“Dola yakwera, mudala,” anatero Dixon. “Na msonkho wa pa boda wakwera. Ine nilibe mulandu.”

Anapitanso kachitatu chaka chotsatira. Ndalama zawo zinali zitachuluka, koma mtengo unali utathawa kutali kuposa poyamba. Tsiku limenelo ndi limene ba Fackson anayamba kulankhula okha mumsewu. Ankati munthu ukasunga ndalama umayembekeza kuti uyandikira chimene ukufuna, osati kuchiona chikunka chichepa ngati basi imene yakusiya pa siteji.

Dixon anawagwira paphewa n'kuwatengera kumapeto kwa bwalo.

“Mvelani, mudala. Vija vima injini vikuluvikulu basiya kupanga. Votsala balimbirana ba mafamu, ndiye chifukwa vadula. Manje motoka ni iyi.”

Inali vaneti yasiliva, yooneka bwino, mipando yake yosang'ambika. Dixon anatsegula boneti. Ba Fackson anasuzumira ndipo anaona chivindikiro chakuda chapulasitiki, mapaipi ndi mawaya.

“Nanga injini ili kuti?”

“Ili pansi apo. Ni ing'ono, siifika na malita abili, koma ili na tabo. Tabo ni kachinthu kozungulira kamene kakankhira mphepo mu injini. Mphamvu ipambana ija yanu, dizilo imwa pang'ono.”

“Kainjini ka njinga yamoto mu thupi ya vaneti,” anatero ba Fackson, ndipo anachoka osatsanzika.

Sanachite kusankha okha. Mwezi wa Okutobala, atanyamula miyala yoswa kupita nayo ku Kabulonga, anakwera chitunda cha pamsewu ndipo anamva kuti gwa! Vaneti inapindika pakati, kumbuyo kukukhudza pansi. Ba Ngosa atabwera anangoyang'ana n'kuvula chipewa. Munthu wina wa ku Mumbwa anagula injini yokha, zotsala zinapita kwa ogula zitsulo. Ba Justina anawonjezera ndalama zimene ankafuna kuodera mabelo a salaula a Khirisimasi, ndipo ba Fackson anabwerera kwa Dixon, mutu uli pansi, kukatenga yasiliva ija.

Kunena zoona, masabata oyamba anaikonda. Pa msewu wa ku Chongwe inkadutsa mabasi ngati aima. Dizilo amene kale ankatha masiku awiri tsopano ankafika masiku atatu. Ikamathamanga inkaimba kamluzu kochokera mu tabo, ndipo amisiri a ku Kalingalinga ankati akamva kamluzuko, “Ba Miti bafika.” Ba Justina anakwera kutsogolo popita kutchalitchi, magalasi otseka, mphepo yozizira ikuwomba, ndipo anatsika akumwetulira.

Koma panali khalidwe lina limene ba Fackson sanalimvetse. Ikakhala ndi katundu wolemera, ponyamuka inkazengereza ngati yaiwala ntchito yake, kenaka mphamvu yonse inkabwera kamodzi, matayala n'kuzungulira pamalo amodzi. Pa phula zinalibe kanthu. M'matope zinali zina. Ndiponso oilo amene analembedwa pa chivindikiro anali wa mtengo woposa katatu wa m'diramu amene ankagula kwa ba Ngosa. Ba Fackson anati oilo ndi oilo, ndipo anathira wa m'diramu. Dizilo wa m'zigubu sanamusiyenso.

Tsiku loipa linafika mu Febuluwale, mvula itagwa masiku anayi osakata. Mayi wina, ba Exildah, mphunzitsi wa sekondale amene ankamanga nyumba kuseri kwa Chalala, anagula geti lalikulu lokankha ndi mafelemu anayi a zitseko. Akuba anali atalowa pa pulotipo kawiri, ndipo mmisiri woika getilo anali akudikira kale kumeneko. Oyendetsa awiri anakana chifukwa cha msewu. Wowotcherera ananena mawu ake a masiku onse, akuloza ba Fackson.

“Muzafika?” anafunsa ba Exildah.

“Mayi, msewu uja nayamba kuyendamo mukalibe nyumba olo imodzi.”

Anawonjezera matumba asanu ndi atatu a simenti pa sitolo, nawaphimba ndi tenti, ndipo ananyamuka cha m'ma 10 koloko, ba Exildah atakhala kutsogolo. Phula litatha panali chithaphwi chachitali, madzi ofiira, ndipo kutsidya kwake kachitunda koterera. Ba Fackson analowa monga ankalowera nthawi zonse, giya yachiwiri, phazi mofatsa. Vaneti inazengereza pakati pa madzi. Anaponda kwambiri. Mphamvu inabwera mwadzidzidzi, matayala anakumba, ndipo galimoto inakhala pamimba. Anabwerera m'mbuyo, anapita kutsogolo, anapondanso mpaka pansi. Kamluzu kaja kanakwera, kanasanduka kulira konga kwa nkhumba yogwidwa miyendo, kenaka panamveka phokoso ngati supuni yagwera mu chigayo. Utsi woyera unatuluka kumbuyo mpaka nyumba za pafupi zinabisika. Pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu.

Amuna ena amene anabisala mvula pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, anabwera kudzakankha, ndipo anaitulutsa. Injini inkalira ndithu, koma ukaponda, galimoto inkangoyenda liwiro la munthu wopita kumaliro. Kachitunda kaja inakalephera katatu.

Ba Exildah anatsika, nsapato zawo zikumira m'matope.

“Bambo, munaniuza kuti muzafika. Simenti yanga inyowa. Manje nichite bwanji?”

“Mayi, motoka iyi…”

“Ine sininalembe motoka, ninalemba imwe.”

Anaimba foni, ndipo patatha ola kunabwera kalole ka munthu wina. Ba Fackson anathandiza kusamutsa geti ndi manja awo, mvula ikuwalowa m'khosi. Matumba awiri anali atauma kale ngati mwala m'makona. Ba Exildah sanawalipire, ndipo iwo sanapemphe. Chiyambire ntchito imeneyi, aka kanali koyamba katundu wa kasitomala kutsikira panjira.

Anaikokera ku Garden. Ba Ngosa anachotsa chivindikiro chapulasitiki, anagunditsa sikuludiraiva, anamvetsera nthawi yaitali, kenaka anaibweza m'thumba.

“Tabo yafa, icho naona. Koma ka laiti aka, na mwamene ikanila kuthamanga, ni va kompyuta. Apa nilibe mau, ba Miti. Nikagwilako nizaononga vinangu.”

Kwa zaka zoposa khumi ba Fackson anali asanamvepo ba Ngosa akukana galimoto. Zinawapweteka kuposa mawu a ba Exildah.

Galaji ya makompyuta inali ku mafakitale, ndipo kungolumikiza chingwe pansi pa chiwongolero kunali ndi mtengo wake. Amene anaiyeza anali mayi wovala ovolosi, ba Nchimunya, wolankhula mosapita m'mbali. Anayang'ana pa kompyuta, anatulutsa oilo pang'ono n'kumutikita pa zala.

“Oilo uyu munagula kuti?”

“Wamene nagula masiku onse.”

“Dizilo?”

“Wa m'zigubu,” anatero ba Fackson.

“Mukafika pa malo, muzimya pamene apo?”

“Nanga nizilekelela ilile chabe? Dizilo ni yaulele?”

Ba Nchimunya anawafotokozera kuti tabo imazungulira mothamanga kwambiri ndipo imatentha, choncho imafuna oilo wopyapyala, woyera, ndi mphindi ziwiri zoti izizire injini isanazimitsidwe. Anati dizilo wa m'zigubu wawononganso tizitsulo tiwiri topopera mafuta. Kenaka anatembenuza kompyuta kuti aone okha.

“Na ichi. Pa dashibodi palembedwa kuti yayenda makilomita pang'ono. Mukati umu muonetsa pafupifupi kabili kupambana apo. Tabo iyi inali yolema kale pamene munagula.”

“Manje iyi ni motoka ya nchito olo ni mwana wakhanda?” anakuwa ba Fackson, mpaka amakanika ena anatembenuka. “Isankha vakudya, ifuna kupumula, siifuna matope. Nizaigulila na matebela?”

“Injini siili yoipa, bambo,” anatero ba Nchimunya modekha. “Koma siija munazolobela. Mukaisunga monga ija, izafa futi.”

Ba Fackson anachoka pamenepo wapansi mpaka ku msewu wa ku Kafue. Dixon anali pa foni, ndipo atawaona nkhope anaidula.

“Munabweza makilomita,” anatero ba Fackson.

“Ine? Inabwela so kuchoka ku boda. Ndipo munasaina pepa, mudala, kuti mwaitenga mwamene ilili.”

Ba Fackson anagwira mpando wapulasitiki umene unali pafupi, anaukweza m'mwamba, ndipo anaima choncho. Alonda awiri anayandikira. Anaganiza za ba Justina akubwera kupolisi ndi chakudya m'kontena. Anautsitsa mpandowo, n'kutuluka.

Vaneti inakhala pabwalo la nyumba ku Mtendere miyezi inayi. Nkhuku za aneba zinayamba kuikira pansi pake, ndipo tsiku lina anapeza mayi wa nyumba yoyandikana atayanika zitenje pa galasi lakutsogolo. Anamukalipira mawu amene mpaka lero amachita nawo manyazi. M'nyumba namo munalibe mtendere. Tebulo la ba Justina kumsika linali litatsala ndi malaya ochepa amene anthu anawakana kale, chifukwa mabelo aja sanaodedwe. Iwo si munthu wolongolola, koma m'mawa wina akusesa anayankhula osayang'ana amuna awo.

“Benangu bakagula motoka, nyumba iseka. Ise tagula chikumbi cha nkhuku.”

“Unafuna nichite bwanji? Ija inathyoka!”

“Sininakambe kuti siinathyoke. Nakamba chabe vamene niona.”

Pa benchi ankapitabe tsiku lililonse, chifukwa kukhala kunyumba kunali kowawa koposa. Makasitomala awo akale akabwera, ankawalozera kwa anzawo. Pomaliza Moven, amene ba Fackson anamuphunzitsa okha kumanga katundu ndi chingwe zaka zapitazo ndipo tsopano anali ndi kalole kakekake, anawapempha kuti azimuyendetsera masiku amene iye ali ku Nakonde. Anavomera. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zinayi, kulandira makiyi m'mawa ndi kukawabweza madzulo kwa mkazi wa Moven, amene ankazungulira galimoto kuona ngati yakalika.

Tabo yatsopano sakanaikwanitsa. Anagula yakale m'mashopu a zipangizo m'tauni, koma itafika ku galaji mabawuti ake sanagwirizane ndi injini, ndipo mwini shopu anakana kuilandira, akuti yatsegulidwa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Anaigulitsa motchipa kwa makanika wina, anadikiranso masabata asanu, ndipo yachiwiri inalowa. Ba Nchimunya anaika, anasintha tizitsulo topopera tija, anathira oilo woyenera, ndipo anawalembera pa kapepala tsiku lobwera kudzasinthanso.

Vaneti inabwerera pamsewu mu Juni, ndipo mpaka pano ikuyenda. Ba Fackson amachita zonse zimene anauzidwa, ngakhale amazichita akudandaula. Dizilo amagula pa filing'i pokha. Akafika pamalo amakhala m'galimoto mphindi ziwiri injini ikulira, akuyang'ana wotchi, kasitomala akugogoda pa galasi kufunsa ngati pali vuto. Miyala, mabuloko ndi mchenga anasiya kunyamula. Ku mapuloti opanda phula, nthawi ya mvula, amakana. Ena amati galimotoyo ikhoza kunyamula zoposa pamenepo, ndipo ba Nchimunya anawauza chimodzimodzi, koma iwo amati munthu amene anamvapo kulira kuja sangapondenso mpaka pansi.

Nthawi zina pa benchi pakabuka nkhani ya galimoto, amisiri amatsinana, podziwa zimene zikubwera. Ba Fackson amaimirira.

“Bamene bapanga vinthu ivi banabwelako ku Chalala mu Febuluwale? Banaonako msewu wa ku Kanyama? Bachepetsa injini, bakweza mtengo, ndiye bati ni chitukuko. Kudala munthu wosauka enze kugula motoka yakale, na masipanala yanayi, basi wadyetsa banja. Manje ufunika kompyuta kuti motoka ikuuze pamene ibaba!”

Palibe amene amawatsutsa.

Loweruka lapitali kunabwera bambo wina amene anagula mageti awiri ndi zitsulo za mawindo, zopita ku Silverest. Ba Fackson anayeza katunduyo ndi maso n'kunena kuti apita maulendo awiri. Bamboyo anati alipira ulendo umodzi, popeza vaneti ndi vaneti. Anakangana pang'ono, kenaka bamboyo anawoloka msewu kupita kwa Moven, amene anakweza zonse kamodzi. Ba Fackson anakhala pa benchi mpaka masana. Cha m'ma 2 koloko kunabwera mayi wina wokongoletsa maphwando, akufuna wonyamula mipando yapulasitiki makumi asanu ndi limodzi, matebulo opinda ndi keke ya nsanjika zitatu kupita ku Woodlands. Anawachenjeza kawiri kuti keke isapendekeke. Ba Fackson anamanga mipando, anaika keke pa mpando wakutsogolo, anaimangirira lamba, ndipo ananyamuka pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina litagwira bokosi.